Maria Callas: dziko lidakonda mawu, lidaiwala mwini mawu

Sabata ino tichoke pang'ono pa nkhani zathu za masiku onse, tipite ku Greece, ku Italy ndi ku Paris. Ndikufuna tikambe za mayi wina amene adamwalira ambiri a inu musanabadwe, koma dzina lake likadali pakamwa pa anthu okonda nyimbo dziko lonse lapansi. Dzina lake ndi Maria Callas. Ena mwina mudalimva chifukwa cha filimu ya 2024 yotchedwa Maria, momwe Angelina Jolie adasewera ngati iyeyo. Ena simunalimvepo n'komwe, ndipo palibe vuto. Mukawerenga mpaka kumapeto muona kuti m'nkhani yake muli zinthu zomwe timazidziwa bwino: mwana amene banja lonse latsamira pa luso lake, mkazi amene thupi lake lasanduka nkhani ya aliyense, chithunzi chimodzi chimene chaipitsa mbiri ya munthu, ndi chikondi chimene chasiya munthu m'malere.

Kodi opera n'chiyani?

Tiyambe ndi ntchito yakeyo, chifukwa popanda kuimvetsa simungamvetse kulemera kwa katundu amene mayiyu adasenza. Opera ndi sewero loimba. Zimene ochita sewero akanalankhula amaziimba, kuyambira poyamba mpaka pamapeto, nthawi zina maola atatu kapena kuposa. Kutsogolo kwa siteji, pamalo otsika, pamakhala gulu la oimba zida, anthu 60, 70 kaya kuposa pamenepo. Woimbayo alibe maikolofoni. Mawu ake okha ayenera kudutsa pamwamba pa zida zonsezo ndi kukafika kwa munthu wokhala mpando womaliza m'holo ya anthu pafupifupi 2,000, monga La Scala ya ku Milan. Inu amene mudaimbako kwaya mukudziwa mmene kukhosi kumaumira mukaimba mokweza nyimbo zitatu zotsatizana. Ndiye tangoganizani kuchita zimenezo usiku wonse, mutavala zovala zolemera, mukuyenda, mukulira, mukugwa pansi, anthu olipira ndalama zambiri akudikira kuti muphonye penapake akukuwizeni.

Musaganize kuti zimenezi zili kutali kwambiri ndi ife. Pretty Yende, mtsikana wa ku Piet Retief ku South Africa, adamva opera koyamba ali ndi zaka 16 pa malonda a pa TV a British Airways. Lero amaimba m'maholo akuluakulu a ku Ulaya ndi ku America, ndipo mu May 2023 adaimba pa mwambo wolonga ufumu King Charles III ku London. Nyimbo zina zimene oimba ngati Yende amatchuka nazo lero zidali zitatsala pang'ono kuiwalika, ndipo amene adathandiza kwambiri kuzibwezeretsa pa siteji ndi Maria Callas.

Mwana amene sankayembekezeredwa

Maria adabadwa mu December 1923 ku New York. Makolo ake adali Agiriki amene adali atangosamukira ku America chaka chomwecho. Bambo ake, George Kalogeropoulos, ntchito yawo idali yogulitsa mankhwala, ndipo ndi iwo amene adafupikitsa dzina la banja kuti likhale Callas. Banjali lidali litataya mwana wamwamuna ku Greece, ndipo mayi ake, Evangelia, ankayembekeza kuti mimba imeneyi ibweretsa mnyamata wolowa m'malo mwake. Kutabadwa mtsikana, zimanenedwa kuti mayiwo adatha masiku anayi osafuna kumuyang'ana.

Maria adakula ali wonenepa, wosaona patali, wovala magalasi ochindikala. Mkulu wake Jackie ndiye adali wowonda ndi wokongola m'maso mwa mayi. Koma mayiwo atazindikira kuti mwana wachiwiriyu ali ndi mawu, zinthu zidasintha. Adayamba kumutengera ku mipikisano ndi kumuimbitsa paliponse pomwe papezeka mpata. Mu 1937 ukwati wa makolowo utasokonekera, mayi adatenga ana awiriwo kubwerera nawo ku Athens. Maria adali ndi zaka 13.

Kumeneko adapeza mphunzitsi amene adamuumba, Elvira de Hidalgo, woimba wa ku Spain. Maria ankafika pasukulu ya nyimboyo m'mawa ndi kuchoka limodzi ndi wophunzira womaliza, chifukwa ankakhala pansi kumvetsera maphunziro a anzake onse, aamuna ndi aakazi omwe. Apa ndiimepo kaye. Timakonda kunena kuti uje adabadwa nalo luso, ngati kuti lidangogwa kuchokera kumwamba. Mtsikana uyu adalikhetsera thukuta tsiku ndi tsiku, pa msinkhu umene anzake ankasewera.

Kenako kudabwera nkhondo. Kuyambira 1941 mpaka 1944 mzinda wa Athens udali m'manja mwa asilikali a Germany ndi Italy, ndipo njala idapha anthu zikwizikwi. Maria, asanakwanitse zaka 20, adali kale akuimba mbali zikuluzikulu monga Tosca, ndipo pakhomo ankadalira iye. Patapita zaka, mwamuna wake komanso mnzake wina woimba adanena kuti Maria adawauza zoti mayi ake ankamukakamiza kucheza ndi asilikali a adaniwo kuti kunyumba kubwere chakudya, ndipo kuti chimenechi sadawakhululukire.

Sabata imodzi imene idasintha zonse

Nkhondo itatha adabwerera ku America mu 1945, koma zitseko sizidatseguke. Mwayi udapezeka ku Italy mu 1947, pomwe adaimba La Gioconda m'bwalo lalikulu lakale la ku Verona. Kumeneko adakumana ndi amuna awiri amene adasintha moyo wake. Woyamba adali Tullio Serafin, katswiri wotsogolera nyimbo, amene adakhala ngati bambo wake pa luso. Wachiwiri adali Giovanni Battista Meneghini, mpondamatiki wa mafakitale a njerwa, wamkulu kwa iye ndi zaka pafupifupi 28. Adakwatirana mu 1949, ndipo bamboyo adasiya bizinesi yake kuti akhale manejala wa mkazi wake.

Mu January chaka chomwecho, ku Venice, kudachitika chinthu chimene anthu a opera amachikambabe. Maria ankaimba Brünnhilde, mbali yolemera ya mu opera ya Wagner. Woimba wina amene ankayenera kuimba Elvira mu I puritani ya Bellini adadwala. Serafin adauza Maria kuti alowe m'malo, ndipo adali ndi masiku osakwana sabata kuti aphunzire mbali yonseyo uku akupitiriza kuimba Wagner. Kuti mumvetse: kuimba Wagner kuli ngati kukoka ngolo yodzaza chimanga kukwera chitunda, pomwe kuimba Bellini kuli ngati kulowetsa ulusi pa singano uli m'minibasi yothamanga. Nthawi imeneyo anthu ankakhulupirira kuti kukhosi kumodzi sikungachite zonse ziwiri. Maria adachita, ndipo Italy yonse idamva dzina lake.

Pofika December 1951 adatsegula nyengo ya masewero ku La Scala, ndipo kwa zaka zotsatira holo imeneyo idali ngati kwawo. Anthu adamupatsa dzina loti La Divina, kunena kuti waumulungu. Mawu ake sadali okoma ngati uchi ayi. Ena ankati ali ndi kaukali, ena ankati amagwedera akakwera pamwamba, ndipo okonda Renata Tebaldi, woimba mnzake wa mawu osalala, ankakangana ndi okonda Callas ngati mmene amakanganirana ochemerera matimu a mpira. Koma akaimba, anthu ankaiwala kuti ali m'holo. Ankamva mkazi weniweni akulira, akuchonderera, akutemberera. Ndipo zonsezi ankazichita osaona bwino: pa siteji sankavala magalasi, choncho wotsogolera nyimbo ndi kandodo kake sankamuona. Ankaloweza nyimbo yonse, ya iye ndi ya anzake, ndiponso malo a mpando uliwonse ndi masitepe onse.

Thupi lake, nkhani ya aliyense

Pakati pa 1953 ndi 1954 Maria adataya makilogalamu pafupifupi 36. Ankafuna kuti akamasewera pa siteji, anthu akhulupirire zimene akuona. Ankasiriranso maonekedwe a Audrey Hepburn. Adasanduka mmodzi mwa akazi ojambulidwa kwambiri ku Ulaya, ndipo La traviata imene adachita ku La Scala mu 1955, motsogozedwa ndi Luchino Visconti, imatchulidwabe mpaka lero.

Tsono tamverani zimene anthu adachita nazo. Ali wonenepa ankamuseka miyendo. Atawonda adayamba kufalitsa kuti adameza njoka ya m'mimba. Kampani ina yopanga zakudya idalengeza kuti wawonda chifukwa chodya pasita wake, mpaka iye adaisumira. Mawu ake atayamba kuvuta, adati ndi kuwondako. Mwini wake ankanena kuti adangosintha kadyedwe, koma ndani ankamva?

Atsikana amene mukuwerenga, izi mukuzidziwa. Ukanenepa akuti wadzitaya. Ukawonda akuti ukudwala, kapena banja lakuvuta. Zaka 70 zapita, foni zabwera, koma pakamwa pa anthu m'pomwe paja. Ine phunziro limene ndimatengapo n'lakuti pa nkhani ya thupi lako palibe sikelo imene ingakhutiritse gulu. Umvere dokotala ndi thupi lakolo, chifukwa gulu lilibe tsiku limene lidzanene kuti basi wafika.

Chithunzi chimodzi

Mu November 1955, ku Chicago, Maria adangomaliza kuimba Madama Butterfly. Anthu adali ataomba m'manja mpaka kutopa. Akutuluka pa siteji, akadali m'zovala za seweroli, adamutchingira anthu a khoti ndi kumupatsa chisamani pa mlandu wa munthu wina amene ankati adali manejala wake kale ndipo akufuna gawo la ndalama. Maria adakalipa. Wojambula adali pomwepo. Chithunzi chimene chidatuluka chikuonetsa mkazi atayasamula kukamwa mwaukali, maso ali psuu, kumbuyo kwa bambo amene akuchoka. Chidazungulira dziko lonse, ndipo kuyambira pamenepo nyuzipepala zidamutcha nyalugwe.

Chithunzicho sichidaname. Adakalipadi. Koma sichidaonetse maola atatu amene adali atangoimba, kapena mmene munthu amamvera akamutchera msampha pa mphindi imene watopa kwambiri. Sekondi imodzi idakhala dzina lake kwa moyo wonse.

Ndipo dzina likakumata, chilichonse chimene uchite chimawerengedwa ndi dzinalo. Mu 1957 ku Edinburgh kontirakiti yake idali ya masewero anayi a La sonnambula. Akuluakulu a La Scala adalengeza lachisanu iye asanavomere. Atakana n'kuchoka, nkhani idatuluka yoti wathawa ntchito, makamaka poti adakaoneka ku phwando ku Venice. Koma chachikulu chidachitika pa 2 January 1958 ku Rome. Ankayenera kuimba Norma pamaso pa mtsogoleri wa dziko la Italy, Giovanni Gronchi. Adadwala pakhosi ndi m'chifuwa, ndipo adachenjeza akuluakulu a holoyo, koma iwo sadakonze woimba wina woti alowe m'malo. Adaimba gawo loyamba, mawu akukanika, ndipo sadabwererenso pa siteji. Dziko lidayaka moto. Nyuzipepala zidati wanyoza pulezidenti ndi Italy yonse, anthu adasonkhana panja pa hotela yake kumutukwana. Nkhaniyi idapita kukhoti, ndipo patatha zaka zoposa khumi khoti lidagamula mokomera iye. Koma chigamulocho chidabwera iye atasiya kale kuimba opera, ndipo sichidalembedwe ndi zilembo zikuluzikulu ngati chitonzo chija. Chaka cha 1958 chisanathe, Rudolf Bing, mkulu wa Metropolitan Opera ku New York, adathetsanso kontirakiti yake atasemphana pa ndondomeko ya masewero.

Abale anga, pano ndi pamene nkhaniyi ikutikhudza tonse amene tili ndi foni m'manja. Nthawi ya Callas pankafunika wojambula, mkonzi ndi makina osindikizira kuti munthu aipitsidwe mbiri. Lero pakufunika chala chimodzi. Kavidiyo ka masekondi 20 ka mayi akukalipa pa depoti, sikirinishoti ya meseji yopanda zimene zidanenedwa m'mbuyo mwake, zimafika m'magulu khumi a WhatsApp dzuwa lisanalowe. Zoona zake zikadzatuluka, palibe amene amazitumiza. Musanadine batani lotumiza, dzifunseni: kodi ndikudziwa zimene zidachitika mphindi zisanu kamerayo isanayatsidwe? Paja akulu adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Nkhani ya mayi ake

Iyi ndiye yovuta, ndipo ndikudziwa kuti tisiyana maganizo. Maria adaonana ndi mayi ake komaliza mu 1950 ku Mexico. Atakangana kumeneko sadaonanenso mpaka imfa. Mu October 1956, iye akukonzekera kuimba koyamba ku Metropolitan Opera, magazini ya Time idamuika pachikuto ndi kulemba za mkanganowo, kuphatikizapo zoti adakana kuthandiza mayi ake ndi ndalama ndipo adawalembera kalata yowawa. Anthu a ku New York adamulandira mozizira usiku woyambawo. Mu 1960 mayiwo adatulutsa buku lonena za mwana wawoyo. Maria kumbali yake ankanena kuti mayi ake adamulanda ubwana, kuti pa zaka zimene ankayenera kusewera iye ankaimba ndi kusaka ndalama, ndipo kuti ankaona kuti amakondedwa pokhapokha akaimba.

Kwathu kuno timati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Mwambiwu ndimaulemekeza, ndipo sindingaimirire pano kuyamikira mwana amene watha zaka 27 osaonana ndi mayi ake. Koma mwambi umenewu timakonda kuuponyera ana okha. Makolo ndi achibale nafenso tili ndi funso loti tiyankhe. M'mabanja ambiri muli mwana mmodzi amene adakhoza bwino kusukulu, kapena ali ku Johannesburg, kapena ali ndi kantchito m'tauni. Foni yake ikalira kuchokera kumudzi, amadziwiratu kuti ndi fizi, feteleza kapena chipatala. Kuthandiza abale ndi chinthu chabwino, ndipo ambiri a ife tidaphunzira chifukwa wina adadzimana. Chimene chimapweteka ndi pamene mwanayo ayamba kuona kuti akadzasiya kutumiza, ndiye kuti foniyo idzasiyanso kulira. Mtima ukafika pamenepo, ndalama imatumizidwabe koma chikondi chimakhala chitauma.

Ngati kwanu kuli Maria wotere, muimbireni tsiku lina popanda chopempha. Mufunseni ngati wadya, ngati akugona bwino. Ndipo ngati Maria wake ndinu, lankhulani msanga zimene mungathe ndi zimene simungathe, mkwiyo usanaunjikane. Callas ndi mayi ake adasiya kulankhulana okha n'kuyamba kulankhulana kudzera m'nyuzipepala, ndipo bala lotero silipola.

Onassis

Pa phwando lija la ku Venice mu 1957, Maria adakumana ndi Aristotle Onassis, Mgiriki mnzake, mwini sitima zambiri zapanyanja ndiponso mmodzi mwa anthu olemera kwambiri padziko nthawi imeneyo. Mu July 1959 Onassis adaitana Maria ndi mwamuna wake kukayenda panyanja pa sitima yake yotchedwa Christina. Pa alendo ena padali Winston Churchill, ndiponso mkazi wa Onassis, Tina, adali momwemo. Ulendowo utatha, maukwati awiri adali atasweka.

Apa sindimuyeretsa Maria. Adali mkazi wa mwini, ndipo adalowa m'banja la mkazi mnzake. Komanso ndikumvetsa chimene chidamukoka. Kwa zaka khumi mwamuna wake adalinso manejala wake, wokambirana malipiro, wosunga ndalama, wokonza ulendo wotsatira. Maria adadzadandaula kuti bamboyo ankamuona ngati munda wokolola, pomwe Meneghini mpaka imfa yake ankati ndi iye amene adamupanga kukhala Callas. Onassis sankakonda opera kwenikweni. Mwina n'chifukwa chake Maria adakhulupirira kuti wapeza munthu amene akufuna iyeyo, osati mawu ake.

Kuyambira pamenepo adachepetsa kwambiri kuimba. Mkazi amene ankaphunzira mbali yonse m'sabata imodzi tsopano ankakhala pa sitima ndi m'maphwando a ku Monte Carlo, kudikira. Mawu nawo adali atayamba kale kufooka. Akatswiri amatchula zifukwa zosiyanasiyana: kuimba mbali zolemera ali wamng'ono, kuwonda mofulumira, mantha amene adamugwira pambuyo pa chitonzo cha ku Rome, ndipo madokotala ena adadzatchula matenda ofooketsa minofu. Koma woimba aliyense angakuuzeni kuti mawu ali ngati khasu, ukaliika pakona limachita dzimbiri. Adabwereranso mwamphamvu mu 1964 ndi Tosca ku Covent Garden ku London, koma mu May 1965 ku Paris adalephera kumaliza Norma, ndipo pa 5 July 1965 adaimba opera yake yomaliza pa siteji. Adali ndi zaka 41 zokha.

Nthawi imeneyo ku Italy kudalibe lamulo lothetsa ukwati. Mu 1966 Maria adasiya unzika wa America n'kutenga wa Greece, chifukwa malamulo a ku Greece sankazindikira ukwati wa Mgiriki umene sudamangidwe m'tchalitchi cha Orthodox. Mwa njira imeneyi adamasuka kwa Meneghini, ndipo njira yokwatiwa ndi Onassis idatseguka. Pa 20 October 1968 Onassis adakwatiradi, pa chilumba chake cha Skorpios. Mkwatibwi adali Jacqueline Kennedy, mkazi wamasiye wa pulezidenti wa America.

Chowawa n'chakuti mbali ziwiri zimene Maria ankadziwika nazo kwambiri zidali za nkhani yomweyi. Norma, imene adaiimba pafupifupi ka 90, ndi mkazi amene adaswa malumbiro ake chifukwa cha mwamuna, mwamunayo n'kumusiya kutsata wina. Medea ndi mkazi amene adasiya kwawo ndi zonse chifukwa cha Jason, Jason n'kukakwatira mwana wa mfumu. Adaziimba zaka zambiri zisanamuchitikire.

Achinyamata, pano pali chinthu choti mutole, anyamata ndi atsikana omwe. Munthu akakukondani, ndi bwino. Koma chimene mudachivutikira musanakumane naye, kaya ndi sukulu, kaya ndi bizinesi ya kaunjika, kaya ndi luso la manja, musachiike pansi chifukwa cha lonjezo lapakamwa. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Maria adasiya chimene chidali m'manja mwake, adasiyanso unzika, kudikira ukwati umene mwini wake sadaulembe paliponse. Ndipo Onassis atakwatira, sipadatenge nthawi, adayambanso kugogoda pakhomo pake ku Paris, iye n'kumutsegulira.

Nyumba ya zii ku Paris

Adayesa kudzukanso. Mu 1969 adasewera mufilimu ya Medea ya Pier Paolo Pasolini, momwe sadaimbe. Mu 1971 ndi 1972 adaphunzitsa oimba achinyamata ku Juilliard School ku New York, ndipo zojambulidwa za maphunziro amenewo zikuonetsa mphunzitsi wodekha, wodziwa ntchito yake mpaka pansi, wosiyana kwambiri ndi nyalugwe wa m'nyuzipepala uja. Mu 1973 ndi 1974 adayenda m'maiko osiyanasiyana ndi woimba mnzake wakale, Giuseppe Di Stefano. Maholo ankadzaza, anthu ankaimirira kuomba m'manja, koma iye mwini ankadziwa kuti akuombera Callas wa kale. Konsati yomaliza idali ku Sapporo, ku Japan, mu November 1974.

Onassis adamwalira mu March 1975. Zitatero Maria adadzitsekera m'nyumba yake pa Avenue Georges Mandel ku Paris, ali ndi antchito ake awiri okhulupirika ndi tiagalu take, akumvetsera matepi a mawu ake akale. Adamwalira pa 16 September 1977, mtima utaima, ali ndi zaka 53. Thupi lake lidatenthedwa, ndipo mu 1979 phulusa lake lidamwazidwa pa nyanja ya Aegean ku Greece.

Pocheza ndi David Frost pa TV mu 1970, adanena kuti mwa iye muli anthu awiri, Maria ndi Callas, ndipo kuti akadakonda kungokhala Maria, koma Callas ndi amene ayenera kumukwaniritsa. Adanenanso kuti akadasankha banja losangalala ndi ana kuposa ntchitoyi. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Mkazi amene dziko lonse linkamusirira ankasirira moyo umene ambiri a ife timauona ngati wamba.

Lero dziko likumupatsa ulemu umene lidamumana ali moyo. Mu 2023, pokumbukira zaka 100 chibadwire chake, mzinda wa Athens udatsegula nyumba yosungiramo zinthu zake. Nyimbo zake zikugulidwabe. Zonsezi n'zabwino, koma mwini wake sakuziona.

Tisanasiyane

Ngati bandulo ikulolani, lowani pa YouTube mulembe kuti Callas Casta diva Paris 1958. Ndi konsati ya mu December chaka chomwe chija adatukwanidwa ku Rome ndi kuchotsedwa ku New York. Musadandaule kuti Chitaliyana simukumva. Muyang'ane nkhope yake ndi manja ake zida zikuimba iye asanatsegule pakamwa. Mukatero mufunenso gawo lachiwiri la Tosca la ku Covent Garden mu 1964, momwe akusewera ndi Tito Gobbi. Mwina mawuwo poyamba akudabwitsani, chifukwa makutu athu sadazolowere kaimbidwe kotere. Apatseni mphindi zisanu.

Ndipo mukamaliza, ganizirani anthu a luso amene muli nawo pafupi: woimba wa kwaya kutchalitchi kwanu amene mumamuitana pa ukwati uliwonse ndi maliro aliwonse, mchemwali amene amalipirira ana anayi fizi, mnzanu woseketsa amene gulu lonse limamudalira kuti lisangalale. Tonse timadziwa zimene amatipatsa. Sabata ino mmodzi mwa iwo mumufunse kuti, kodi iweyo uli bwanji? Ndipo mudikire yankho, musathamangire kupempha nyimbo ina.

Ndilembereni maganizo anu, makamaka pa nkhani ya Maria ndi mayi ake. Kodi mwana amene akuona kuti adagwiritsidwa ntchito ali ndi ufulu wotalikirana ndi kholo, kapena mako ndi mako basi? Tikumane sabata ya mawa.